Mkanjo wa Bambo Mackson

Bambo Mackson amagulitsa mbande za mitengo m'mphepete mwa msewu ku Area 23, ndipo wogula aliyense amalandira basera wa Chilatini ngakhale sanapemphe. Mbande ya mabulosi amaitchula kuti Morus alba, kenako n'kuyamba kulongosola: alba ndiye kuti choyera, ndi dzinanso la mkanjo wa ansembe, ndipo kale ku Roma ongobatizidwa kumene ankavala chovala cha dzina lomwelo. Ogula amangogwedeza mutu, maso ali pa minibasi.

Chilatinicho anachiphunzira ku seminale. Atatsala pang'ono kumaliza, bambo awo anamwalira, iwo n'kubwerako kudzalera azing'ono awo. Mayi awo anali atasoketsa kale mkanjo woyera woti adzavale tsiku lodzozedwa unsembe. Mkanjowo unakalambira m'sutikesi, umangotuluka mwa apo ndi apo kudzaothera dzuwa.

Chiyembekezo chonse anachiika pa mwana wawo Amos. Anamutumiza ku seminale komweko, ndipo tchuthi chilichonse ankamuyeza mapewa ndi maso. Koma Amos anabwerako ndi maganizo ena. Anaphunzira kuwotcherera mageti ku Biwi, n'kukwatira Jenifer. Bambo Mackson zinawapweteka kwambiri, ndipo ku ukwati sanapondeko.

Mwana atabadwa, Jenifer anabwera yekha pa mbande paja, khanda lili kumsana.

"Bambo, ubatizo ndi Lamlungu likubwerali. Tati tingokudziwitsani."

"Adzavala chiyani?"

"Tipeza kadiresi koyera pa kaunjika."

Iwo anapitiriza kuthirira mbande zawo.

Mawa lake ananyamula sutikesi ija kupita kwa a Mwamadi, telala wa pakhonde la golosale. A Mwamadi anautambasula mkanjowo, naugwiragwira.

"Nsalu yabwino iyi, achimwene. Ndikangodula, sibwereranso. Bwanji tidule m'munsimu mokha, mkanjo utsale?"

"Utsalire ndani? Dulani pachifuwapo, m'pamene njenjete sizinafike."

Sizasi inalowa. Bambo Mackson anayang'ana kumsewu mpaka telala anamaliza kudula. Madzulo anatuma mwana wa neba kukasiya kadiresiko kwa Jenifer, popanda uthenga.

Lamlungu Bambo Mackson anakhala pa benchi la kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi. Misa itatha, Amos anabwera ndi khanda m'manja. Nsaluyo anali ataizindikira kale, poti anakula akuiona pa chingwe. Anaima pamaso pa bambo ake, n'kuwongola kolala ya mwanayo.

"Yamukwana, bambo."