Mizere yakuda pa kabulangete

Kuluka koroshe ndinaphunzira ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ndi chokhacho chaphindu chimene ndinabwera nacho. Titabwerera kwathu kufupi ndi Insaca, ku shikola anandikhazika pamodzi ndi ana a mamina chifukwa Chipwitikizi sindinkachidziwa. Purufesoro, mphunzitsi wathu, akafunsa, ana aja ankatembenuka kudikira kuti ndiphonye. Ndinasiya. Sindinalire, ndipo palibe anabwera kudzandifunsa.

Chaka chimenecho achemwali anga anali ndi pakati. Mwini mimbayo anapita ku Entre Lagos kukagula mchere, mcherewo mpaka lero. Ine ndinasongola sipoko ya njinga n'kuipinda kunsonga, ndinamasula juzi yanga yachikasu, ndinayamba kabulangete. Amayi atandipeza anakalanda n'kukamasula konse. Anati mwana asanabadwe samukonzera zovala, ukatero umamuitanira tsoka. Ndinawauza kuti tsoka likudziwa kale njira ya kwathu, silifuna woliitana. Anandimenya khofi.

Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, mwezi wa Juni, mphepo ikulowa m'makoma a udzu ngati kulibe khoma. Kanali kamtsikana kochepa ngati botolo, kakhungu kotuwa, kolira ngati mwana wa mphaka. Azamba anati kazikhala pachifuwa pa mayi wake, kafunditsidwe chochindikala, kakazizidwa basi kapita. M'nyumba munali zitenje zopepuka ndi thumba la ufa. Achemwali nawonso ankanjenjemera, thupi lawo lozizira ngati mtsuko.

Sindinapemphe chilolezo. Ndinatenga sipoko yanga n'kukhala pakhomo powala. Ulusi womasula umakhala wopiringizika, umakola, umaduka pomwe unatha. Wachikasu unandifikitsa pang'ono, ndinalumikiza wobiriwira wa chipewa changa, kenako wofiira wa sokosi imodzi. Posintha mtundu sumanga mfundo, chifukwa mfundo imatsina khungu la khanda ndipo pochapa imamasuka. Umasiya timisampha tiwiri tomaliza pa sipoko, n'kukokera ulusi watsopano m'menemo, michira yake n'kuilukira mkati. Ntchito yake ndi yochedwa, ine ndilibe mtima wodikira, koma ndinachita momwemo, mano ali cholumana.

Pofika masana a mawa lake, kabulangete kankafunda mwana kuyambira kumapazi mpaka pamchombo. Ndinatsala ndi kachikasu kokha kamene ndinasungira m'mphepete, kochepa kuposa dzira. Milomo ya mwana inali itayamba kuda, kuyamwa atasiya.

Ulusi wina unalipo. Pansi pa mtanga wa amayi panali juzi ya malemu bambo, yakuda bii, yochindikala. Tinawaika ku Malawi, ndipo juziyo ndiyo inabwera m'malo mwawo. Ndinaitulutsa. Amayi anaimirira.

"Chakuda pa khanda? Cha womwalira? Ukufuna kum'pereka kwa bambo ako?"

"Amayi, tagwirani phazi lakeli. Akupita yekha, sakudikira kuti ndim'pereke."

Sanaligwire. Anati chakuda ndi cha maliro, m'nyumba muli chikuta sichilowa, ndipo anthu akamva adzati ndife afiti. Ndinawafunsa kuti anthuwo abwera ndi bulangete liti. Achemwali ankangolira chamumtima, mwana ali pachifuwa. Ndinali nditagwira kale mpeni kuti ndidule mkono wa juziyo, ndipo ndinali wokonzeka kumenyedwanso.

Amayi anakhala pansi. Anayang'ana kachikasu kotsala kaja nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati ndingathe kuika mzere wachikasu pakati pa yakuda, kuti chisaoneke chamaliro. Ndinati ulusiwo sukwana. Anati ngakhale wowonda.

Ndinatero. Mizere ingapo yakuda, umodzi wachikasu, osadula, ndikungoukwezera m'mphepete kuti ndisataye ngakhale kamchira. Amayi anandilanda mpeni, anadula okha pakhosi pa juziyo, anayamba kumasula n'kumakulungira pa chitsononkho. Ndikakoka, iwo ankamasula. Zala zinatupa, sipoko inandiboola chala chachikulu, magazi analowa mu ulusi wakudawo osaoneka. Chikasu chinathera pamapewa. Kotsalako, ndi kachipewa komwe, ndinaluka chakuda chokhachokha, ndipo amayi anayang'ana kumbali.

Tinam'kulunga dzuwa lisanalowe. M'mawa mwake anayamwa.

Tsiku lotuluka chikuta azimayi a m'mudzi anayamikira mizere ija, ena n'kumafunsa kuti tinagula kuti. Amayi anayankha kuti ku Malawi. Sanatchule ine, sanatchule bambo. Anthu atapita ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwira chotsala cha juzi ija, kakhosi kokha ndi mabatani ake. Anakaika m'mtanga pomwe panali juzi, n'kunditumiza kumadzi.