Maso Osemphana a Ngalawa ya A-Hai

Anthu a ku Kukang ndi a ku Tangtau, mizinda iwiri yoyang'anizana pamathiriro a mtsinje wathu, sagwirizana pa kanthu kalikonse, koma pa nkhani imodzi amaimba nyimbo imodzi. Amati malemu Kho Tek-seng, mmisiri wosema maso a ngalawa, anali ataledzera tsiku limene anakhomera ngalawa ya mkamwini wake maso osemphana. Ine ndikukana. Ndinakana m'nyumba za tiyi, ndinakana pamaliro ake, ndipo ndikukananso pano. Woledzera amalakwitsa mwachisawawa, pamene kulakwitsa kwa Tek-seng kunali ndi mutu ndi mchira.

Anabadwira ku Kukang, gombe lakumanzere ukamalowera kunyanja. Kale mzindawu unali doko lotchuka. Zombo zake zinkatenga silika ndi mbale zadothi kunka nazo kumaiko akutali, n'kubwerako ndi tsabola ndi lubani. Kenaka mtsinje unadzaza dokolo ndi matope, moti lero miyala imene ankamangirirapo zombo yaima pakati pa minda ya mbatata. Chuma chinapita, matama anatsala. Tsidya lakumanja kuli Tangtau, umene unayamba ngati misasa ya asodzi. Nsomba ali nazo, nyumba zosanja ali nazo, koma mbiri alibe, ndipo zimawapweteka.

Ntchito yosema maso Tek-seng anaiphunzira kwa bambo ake, pamodzi ndi lamulo lake. Chombo cha amalonda chimayang'ana kutsogolo kuti chione njira. Ngalawa ya asodzi imayang'ana pansi kuti ione nsomba. Maso akakhomedwa amaphimbidwa ndi nsalu yofiira mpaka ngalawa italowa m'madzi. Popeza ku Kukang kunalibenso zombo, Tek-seng ankadyera kwa asodzi a tsidya, ndipo diso lililonse lochoka m'manja mwake linkazolika.

Mavuto anadza pamene mwana wake wamkazi, Bi-lan, anagwa m'chikondi ndi A-Hai, mwana wa msodzi wa ku Tangtau, Ng Thian-su. Thian-su anakhometsa ngalawa yatsopano yoti itengere akwatiwo kuchilumba, kukafukiza lubani m'kachisi wa Amayi a Nyanja, mzimu woteteza oyenda panyanja, asanapereke tiyi kwa akuluakulu. Kwathu kuno, akulu a banja akakana tiyi wa akwati, ukwati palibe. Ndipo mkulu wa banja la Kho anali Tek-beng, mchimwene wake wa Tek-seng.

"Iwe Tek-seng," anatero mkuluyo, "mwana wa banja la Kho sangakwere ngalawa yozolika ngati nkhuku yotola mpunga. Makolo athu ankayang'ana kutsogolo. Ikangoyang'ana pansi, tiyi wawoyo akamwetse nkhanu."

"Achimwene, kutsogoloko kwatsala chiyani? Mbatata?"

"Kwatsala ulemu, mbuli iwe!"

Tek-seng anawoloka mtsinje kukayesa mbali inayo. Thian-su anam'landira bwino, akusoka ukonde.

"Asewere, inu ndinu munthu wabwino, koma achimwene anu aja amadya mbiri. Ine ndimadya nsomba. Ngalawa yotong'ola maso ngati mlendo mumsika idzandigwirira chiyani? Mitambo? Maso pansi, apo ayi mwana wanuyo mum'funire mwamuna pakati pa miyala yanu ija."

Kunyumba Bi-lan anasiya kudya. Mayi ake, A-Soat, sanabise mawu: "Bambo a Bi-lan, mwanayu akaphonya mnyamata uja, mudzaphika nokha mpaka kufa." Tek-seng anatuluka, nakakhala pamwala wina wa doko lakale, akuyang'ana ngalawa zikutsikira kunyanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ali pomwepo anazindikira chinthu chimene aliyense amaona tsiku lililonse osachiganizira: munthu woima pagombe amaona diso limodzi lokha la ngalawa yodutsa.

Anasema maso awiri pamtengo umodzi. Lakumanzere, loyang'anizana ndi Kukang, analilozetsa kutsogolo. Lakumanja, la ku Tangtau, analizolitsa. Anawakhoma yekha, nawaphimba, nalengeza kuti nsalu adzazichotsa iye mwini ngalawa ikafika pakati pa mtsinje. Tsiku laukwati analisankhanso yekha, atafunsa bwino za nthawi imene madzi a m'nyanja amakwera n'kulowa mumtsinje. Apa ndi pamene ndimafunsa onditsutsa: ndi chidakwa chiti chimene chimayamba chafunsa za madzi?

Tsikulo magombe onse anadzaza. Nsalu zitachotsedwa, ku Kukang kunaphulika nthungululu, pakuti asodzi anali atagonja. Ku Tangtau ng'oma zinalira, pakuti odyera mbiri anali atagonja. Mkwati A-Hai yekha ndiye anasuzumira uku ndi uku, nkhope n'kugwa.

"Apongozi," ananong'ona, "nanga pobwerera? Tikangotembenuka, aliyense aona diso la mnzake."

"Ndani wakuuza kuti titembenuka? Gwira nkhafi, mwana wanga, pakamwa utseke."

Atamaliza zakukachisi, madzi anali atayamba kukwera. Tek-seng anaimirira, nauza opalasa mokweza kuti ngalawa ya mkwatibwi sifulatira Amayi a Nyanja pa tsiku lake loyamba. Mwambo umenewo anaupeka pomwepo. Ngalawa inalowa mumtsinje chafutambuyo, madzi akuikankha, diso lililonse likuyang'anabe kwawo.

Anthu a ku Kukang anadabwa, nathamangira kwa Tek-beng kukafunsa. Mkuluyo anali asanamvepo zotere chibadwire, koma anasisita ndevu nati, "Mwambo wa makolo umenewo. A tsidya sangaudziwe." Mawuwo atawoloka, Thian-su anayankha kuti, "Ifeyo? Timaudziwa kalekale!" Ngalawa inaima pakati pa mtsinje, kabwato kanatengera akwati kugombe ili ndi ilo, ndipo akulu onse awiri anamwa tiyi, aliyense akumwetulira ngati wopambana mlandu.

M'mawa mwake madzi ataphwa, ngalawa inakhala pamatope, ndipo amayi otola nkhono anaizungulira. Kuseka kwawo kunamveka mizinda yonse iwiri. Koma tiyi akamwedwa salavulidwa. Akulu awiri aja anapsa mtima, ndipo chimene chinkawawawa kwambiri si masowo ayi, koma kuti anapusitsidwa pamaso pa anthu. A-Soat ndiye anawapezera pothawira. Pogula masamba mumsika anadandaula mokweza: "Amuna angawa! Tsiku lokhoma maso anapapira mowa wampunga mtsuko wonse." Akuluwo bodzalo analilandira ndi manja awiri. Kulakwiridwa ndi chidakwa si manyazi. Kupusitsidwa ndi munthu wanzeru ndiye manyazi.

Tek-seng sanatsutse, ngakhale kuti kadontho ka mowa kankam'tulutsa zidzolo thupi lonse. Anayamba kuyenda ndi mtsuko wopanda kanthu m'khwapa, akudzandira pang'ono akaona mchimwene wake. Asodzi anasiya kum'patsa ntchito ya maso, iye n'kuyamba kusema zikombole za makeke a mpunga, ndipo anakalamba akuzisema, zidzukulu zikum'kwera pamsana. Lero ngalawa iliyonse yaukwati imabwerera chafutambuyo, ndipo akuluakulu a ku Kukang amalumbira kuti mwambowu unayamba m'masiku a zombo za silika. Ndikawatsutsa amati sukulu inandiwononga mutu.

Ngalawayo inaguga, ndipo ili pamchenga kuseri kwa nyumba ya mayi Bi-lan ku Tangtau. Ndinapitako ndi chingwe n'kuyeza ndekha: maso onse awiri ndi ofanana kukula kwake, ndipo anakhomedwa pamtunda wofanana kuchokera kumphuno ya ngalawa.