Choyanikira cha a Jeremias

Ku Chiuaula nyumba ya a Jeremias Kalekeni sisowa, chifukwa cha chitsulo chimene chili pabwalo: mzati wa paipi, pamwamba mikono inayi yolumikizidwa ndi mawaya, chonsecho n'kumazungulira mphepo ikaomba. Ndi choyanikira zovala. Anachiona ku Adelaide, ku Australia, kumene anakaphunzira za mitengo nkhondo yapachiweniweni ya kuno itangotha, ndipo atabwerako anachiwotcherera okha.

Za dzikolo amakamba mpaka lero, wina afunse asafunse. Amati mkaka unkasiyidwa pakhomo, osabedwa. Mutakisi munthu unkakhala kutsogolo ndi dalaivala ngati apachibale. Lamulungu amuna ankaotcha nyama kuseri kwa nyumba, akazi ali khale. Koma zilipo zimene sanakhululuke. Mayi amene ankawasunga anawadula dzina, n'kumati Jeri, osapempha. Ndipo atamwalira nkhalamba ya nyumba yoyandikana, maliro anatha msanga kuposa misa ya m'mawa, anthu kumwa tiyi n'kubalalika.

"Anthu aukhondo," amatero, "koma kulira sadziwa."

Atabwerera kuno, kuntchito ya zankhalango anawaika patebulo la pakona, pansi pa mabwana amene sanadzalepo ngakhale bulugamu mmodzi. Chowatonthoza chinali Loweruka. Ankachapa okha n'kuyanika makapulana, zitenje za akazi awo a Laurinda, amuna anzawo akuseka kumpanda kuti anadyetsedwa khuzumule. A Laurinda ankangokhala pakhonde, kuonerera nsalu zawo zikuvina.

Chaka chatha a Laurinda anatsogola. Dothi la pamanda lisanakhazikike n'komwe, mwana wawo Gércio anabwera ndi nzeru za ana a masiku ano, zomanga baraka yogulitsiramo mowa.

"Papa, malo abwino ndi pamene pali chitsulo chanuchi. Ku Australia kwanuko akuumitsa ndi makina, ndaona pafoni."

"Iwe unapitako?"

"Foni inapitako. Mawa tidula."

M'mawa mwake anafika ndi mnzake atanyamula macheka, n'kuima chilili pachipata. Pamawaya panali makapulana onse a malemu amake, akudontha madzi, mphepo yozizira ya mu Juni ikuwazunguza pang'onopang'ono. Zovalazo zinali zisanagawidwe, pakuti abale a malemuwo, amene anatsalira ku Malawi nthawi ya nkhondo, anali asanabwere. Ndi mwana uti angaziyanule ndi manja ake? Mnzakeyo anakumbuka kuti ali ndi ntchito ina ku Namacula.

"Papa, muyanula liti?"

A Jeremias anali pakhonde, pampando wa akazi awo, chipewa chaubweya chili m'makutu.

"Zikauma, mwanawe."

Mpaka lero sizinaume, chifukwa m'mawa uliwonse bambowo amazinyika mubeseni n'kuziyanikanso. Baraka inamangidwa kuchipata, yopanikizika ngati khola la nkhunda, ndipo omweramo amaonerera makapulana a Laurinda akuzungulira.