Chombo cha Luziya ndinachigwetsa ndine

Telefoni ndinamulanda ndekha Luziya, mwana wanga wamkazi, ndikukalipa mpaka nkhuku kubalalika. Tsiku lonse ankangodinadina kajogu, kamasewera koyendetsa chombo kupita ku nyenyezi, uku akuimba nyimbo ya pa radiyo yoti tsinzina uone dziko lina. Dziko lina liti, chimanga chili m'thengo?

Telefoniyo ndinapita nayo kumunda. Dzuwa litakula ndinakhala pansi pa mtengo wa msawu, ndati ndione chimene chikupusitsa anawa. Ndinasewera, ine wa imvi, khasu lili gone. Chombo chake chinali chitafika pa dziko lovala mkombero m'chiuno, ati Saturno. Mwanayo anavutikira ulendo umenewo kuyambira pokolola.

Ndinachigunditsa pamwala. Panatuluka Chingerezi ndi madontho awiri, lofiira ndi lobiriwira. Sikola ndinalekezera panjira, Chingerezi sindiwerenga, ndiye ndinangodina lofiira. Zonse zinafufutika, chombo chinabwerera poyambira.

Pomubwezera ndinati, "Matelefoni ogula kumalire pa Cassacatiza ndi achinyengo. Yadzifufuta yokha."

Anayang'ana telefoni, kenako ine. "Ababa, mkombero uja munauona?"

"Mkombero wanji? Ine ndimalima."

"Chabwino."

Sanalire. Telefoni anaiponya m'dengu n'kunyamula khasu. Mpaka lero sanaigwirenso. Amapalira bwino, sandiyankha mwano, kumwamba sayang'anako. Ndi zimene ndinkafuna, ndazipeza. Ndimamuona ali chowerama mumzere patsogolo panga, ndipo pakamwa panga, pamene sipasowa zokalipa, palibe mawu.