Nyumba ya Matayala ya Ntim

Mlongo wanga Ntim anabadwa ndi manja ngati mafosholo. Mayi athu ankakonda kunena kuti mzamba atawaona manjawo anati, "Uyu adzakhala mmisiri womanga nyumba." Mzambayo anaphonya pang'ono pokha. Ntim anakula n'kukhala wogumula nyumba za anthu.

Ine ndine Dufie, mlongo wake wamkulu. Ndimagulitsa fufu, nsima yathu ya chinangwa chosinja, ndi msuzi wa mbuzi kuno ku Magazini ya ku Suame, pakati pa okonza magalimoto ndi phokoso la mahamala, ndipo munthu ameneyu ndamudyetsa kuyambira ali wamamina mpaka wamera imvi m'ndevu. Choncho ndikamamunena, ndikunena wanga.

Ntchito yake inali yolondera mapuloti. Kuno ku Kumasi puloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu awiri, ndiye amene ali ndi thumba lonona amalemba anyamata amphamvu kuti mnzakeyo asaikepo ngakhale njerwa imodzi. Ntim ndi gulu lake ankafika dzuwa likuswa mtengo, pa njinga zamoto, zikwanje zili m'manja. Geti ankalidula ndi galayinda, makina aja odulira zitsulo, khoma n'kulikankha, amisiri n'kuwabalalitsa ngati nkhuku. Wokana kuthawa ankapita kwawo atanyamulidwa.

Anali wokhwima. Ali mnyamata anapita kumpoto kukatemera mphini zoti chitsulo chisamulowe, moti pachifuwa ndi m'mikono munali timizere takuda tokhatokha. Akamwa kachasu ankavula malaya n'kuuza anzake kuti amuteme ndi chikwanje pamsana. Kaya ankamutema ndi kobuntha, kaya ankaopa kuikapo mphamvu, ine sindidziwa. Chimene ndinaona n'chakuti magazi sankatuluka, ndipo iye ankaseka mano onse poyera.

Mwa anthu amene anawapweteka, mmodzi ndiyenera kumutchula. Issifu anali mmisiri womanga, munthu wofatsa, wa ndevu zake zosamalika. Tsiku lina ku Abuakwa anakana kutsika pakhoma, amvekere, "Ndimalize kaye mzere uwu, matope angaume." Ntim anamukoka mwendo, anamugoneka dzanja lamanja panjerwa, n'kulitswanya ndi hamala ya Issifu yemweyo. Kuchipatala anachotsa zala zitatu. Mlandu unathera m'malere, monga imathera milandu ya anthu okhala ndi mabwana kumbuyo. Issifu anasiya zomanga n'kutsegula kashopu ka zida zakale zochokera kunja, ku Magazini konkuno, kungodumpha ngalande kuchokera pamalo anga.

Ntim anakwatira Pokuaa, mkazi wosoka zovala, wosalankhulalankhula, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi, Nhyira. Manja aja sankaweruka akafika kunyumba. Pokuaa ankabwera kwa ine atamanga duku mpaka m'maso, n'kumati wagunda chitseko. Chitseko chimenecho ndinachikalipira kangapo, tsiku lina mpaka ndinachigogoda pamutu ndi munsi wa fufu, koma sichinamve.

Ndiye adani ake anatopa naye. Masana ena iye atachoka, anyamata a gulu lina anafika panyumba imene ankachita lendi, anathira petulo pakhomo n'kuyatsa. Pokuaa anatulutsira mwana pazenera, iye n'kutsatira tsitsi likufuka. Sanadikire zambiri. Anatenga mwana ndi makina ake osokera owauka mbali imodzi n'kupita kwa amayi ake ku Mampong. Eni nyumba a m'tauni muno nawo anauzana: wa manja aakulu uja musamupatse chipinda, mupsa naye.

Ntim anaonda. Ndinali nditamukwiyira, koma zinandimvetsa chisoni, pakuti kamwana kaja ankakakonda zenizeni. Ankagona pabenchi la makasitomala anga, n'kumaimba foni ku Mampong, foni osayankhidwa. Atapita konko, apongozi ake anamuyankhira pazenera. "Mulibe pokhala inu bambo. Mwanayu mukamugoneka pati, paphulusa?"

Mawu amenewo anawameza momwe analili. Anabwerako akukhulupirira kuti akangopeza nyumba yosapsa, mkazi ndi mwana abwerera.

"Achemwali," anatero akudya, "chilichonse chomangidwa pansi chimagwa. Ndikudziwa ine, ndagwetsa zambiri. Yanga ikhala ya matayala. Akabwera ndi petulo wawo apeza fumbi lokha."

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Mkazi ndi mwana azigona m'galimoto ngati mbuzi zopita kumsika?"

"Muona."

Gulu lake la mapuloti lija analisiya. Anagula minibasi yakale yoyera, yong'ambika mipando koma injini ikadali ndi moyo, n'kuiimika kuseri kwa malo anga pansi pa mtengo wa mango. M'kati anajambula ndi choko: apa bedi, apa kabedi ka Nhyira, apa shelefu ya makina osokera, apa zenera lalikulu loti Pokuaa azionera posoka. Ankati azikagula zilazi ku Techiman n'kumagulitsa m'misika, kugona paliponse pamene dzuwa lawalowera. Kanali koyamba kumuona akuyeza chinthu asanachimenye.

Koma zida analibe. Amisiri onse amene anawapempha ankati makina awo angowonongeka kumene, ndipo sindikuwaimba mlandu. Shopu ya zida zolimba pamtengo wofikirika inali imodzi basi, ya Issifu. Ndinavula epuloni n'kumuperekeza, poopa kuti kungagwe maliro.

Tinapeza Issifu akupukuta makina ndi dzanja lamanzere. Lamanja lija, lotsala chala chachikulu ndi chaching'ono, linali pabondo. Anandipatsa ine moni, kenako anafunsa Ntim ngati kasitomala wina aliyense.

"Mukufuna chiyani, bwana?"

"Galayinda. Yaikulu."

"Ya ntchito yanji?"

Za minibasi ija ndinafotokoza ndine. Issifu anadzuka n'kuika zinthu zitatu patebulo.

"Obowolera awa ndi a batire, muzilowa nawo m'makona chingwe osakukolani. Aka n'kochekera matabwa. Kampeni kake kamayenda chokwera ndi chotsika, sikalumpha, ndipo mukasintha kampeniko kadula ndi lata la zenera lomwe. Galayinda tengani yaing'ono iyi, yodulira miyendo ya mipando ndi kupalira dzimbiri basi. Yaikuluyo m'galimoto mulibe malo oitembenuzira."

"Tizidole timeneti?" Ntim anakankha kochekera kaja ndi chala. "Ndimange nyumba ndi zoseweretsa ana? Galayinda imodzi ikwana. Pachitsulo ndimanga chimbale chodulira chitsulo, pathabwa ndimanga chimbale cha mano. Anyamata onse amatero."

Sananame. Kuno galayinda ikangogulidwa, ntchito yoyamba ndi kumasula chishango chake, kachitsulo kaja kotchinga chimbale, n'kukataya, ati kamaphimba podula ndiponso kamaletsa chimbale chachikulu kulowa. Woisiya ndi chishango amamuseka kuti waveka makina thewera.

"Anyamata onse amaterodi," Issifu anavomera, "n'chifukwa chake ku Magazini kuno moni wa zala zisanu ukusowa. Mano aja akakumana ndi mfundo kapena msomali, galayinda imabwerera kwa mwini wake. Chishango musachotse, ndipo chimbale cha mano pagalayinda musamange. Ndanena."

Ntim anamugwira pakhosi pa mkanjo n'kumukweza mpaka zidendene zinasiya pansi. Tebulo linapendekeka, mabawuti anamwazikira m'ngalande, anthu anayamba kuunjikana.

"Ukundiopseza? Ukufuna undigulitse zinyalala zako kuti ntchito yanga ichedwe, uzindiseka? Ndakuona kale iwe. Munthu amene ndinamuswa dzanja angandifunire zabwino?"

"Musiye, galu iwe! Sunakhute ndi zala zitatu?" Ndinamuwomba ndi chikwama kumaso mpaka anamutula.

Issifu anakonza mkanjo wake akupumira m'mwamba. "Tengani yaikuluyo, bwana. Ndalama ndi zanu, manja ndi anu."

Ntim anamasula chishango pomwepo n'kuchiponya pamapazi a Issifu. Anadzimenya pachifuwa, pa mphini paja, kuti onse oonerera amve. "Ine ndi chitsulo tinamvana kalekale."

Zachitsulo zinayenda bwino, ndisaname. Galayinda ankaidziwa kuposa mmene ankamudziwira mkazi wake. Mipando inatuluka, dzimbiri linachoka, zenera linatseguka m'mbali, lopindika pang'ono koma zenera ndithu. Pobowola ankabowola ndi msomali ndi hamala, akutukwana. Anaimbanso ku Mampong, ulendo uno anayankha ndi Nhyira, ndipo ndinamva chigawenga changa chikuuza mwana ndi mawu ofewa kuti kabedi kake kadzakhala ndi katani la maluwa. Ndinalowa kukhitchini kuti asaone kuti misozi yalengeza.

Kabedi kameneko ndi kamene ankacheka m'mawa umenewo. Matabwa anali otola, a mabokosi onyamulira injini, odzaza misomali yoduka mitu. Anagwada m'kati mwa minibasi, thabwa atalipanikiza ndi bondo, chimbale cha mano chili pamtunda popanda chotchinga. Ine ndinali ndikusinja fufu. Ndinamva kulira kwa makina kukusintha, kenako chiphokoso cha lata, kenako mayi wogulitsa malalanje pafupi ndi mango paja akukuwa. Iyeyo ndi amene anaona. Akuti mano anagwira msomali, galayinda inalumpha n'kumupulumuka m'manja ikuzungulirabe. Munthu wina aliyense akanadzigwetsera kumbali. Ntim, wosaopa chitsulo, anaiwakha ndi dzanja lamanja.

Nditafika, magazi anali atawaza denga lonse ndi pachoko paja analemba dzina la mwana. Galayinda inali ikuvinabe pansi, ikutema chilichonse chimene yakumana nacho. Ntim anali atakhala pakona akuyang'ana dzanja lake likulendewera, nkhope ili ngati ya mwana amene wanamizidwa. Sanalire. Ankangoti, "Achemwali, chandilowa. Chandilowa bwanji?"

Anazula chingwe pamagetsi ndi Issifu. Anthu a zala zonse anali ataima patali atagwira pakamwa, iye anadumpha ngalande, anavula mpango wa m'khosi mwake n'kumanga mkono pamwamba pa chigongono, nsonga imodzi akukoka ndi mano. Sananene zoti ndinakuuzani. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati Issifu ankadziwa kuti Ntim akamva zoona kuchokera kwa iyeyo adzachita zosiyana. Sindinamufunsepo, ndipo akabwera kudzadya ndimamuwonjezera nyama.

Dzanjalo anakamalizira kulidula kuchipatala. Anzake akale a mapuloti anabwera kudzamuona kamodzi, n'kumulongosolera mwaukatswiri kuti mankhwala aja amakaniza chitsulo cha mdani chokha, osati chako chomwe. Nthochi zimene anamutengera anadya okha, ndipo sanabwerenso.

Atatuluka anabwerera pabenchi langa, minibasi osafuna n'kuiyang'ana komwe. Kuno chiwongolero chimakhala kumanzere, ndiye magiya amafuna dzanja lamanja. Nyumba yothawa moto ija inali itaima malo amodzi ngati nyumba ina iliyonse, ndipo iye ankadziwa kuposa wina aliyense chimene chimachitikira nyumba zotero.

"Basi achemwali," anatero, fufu akumutola movutikira ndi lamanzere. "Pokuaa sabweranso. Mwana uja adzakula osandidziwa."

Nanenso ndinkaganiza chomwecho.

Koma Pokuaa anabwera. Anatsika takisi masana, makina osokera ali pamutu, Nhyira akumugwira nsalu. Mwana anathamangira bambo ake. Pokuaa anaima potero n'kuyang'ana bandeji ija nthawi yaitali, kenako anandipempha ndowa ndi sopo n'kulowa m'minibasi kukatsuka denga. Ndinamutsatira.

"Mlamu," ndinatero, "galimotoyitu siyenda. Nanga akabweranso ndi petulo?"

Anafinya kansanza, madzi ofiira akutsikira m'ndowa.

"Ine sindinathawe moto, alamu. Moto unabwera kamodzi kokha." Analoza ndi mlomo kumene kunakhala Ntim. "Ndinkathawa dzanja lija latsala kuchipatala lija."

Ntim anamva zonse, pakuti zenera limene anadula lija linalibe galasi. Anazolika, mwana ali pamwendo.

Akukhala momwemo mpaka lero, pansi pa mango, matayala anaphwa kalekale. Kabedi ka Nhyira anamaliza ndi Pokuaa, ndi kamakina kochekera kaja, kamene anakagula yekha kwa Issifu. Ntim ankamugwirira thabwa ndi lamanzere.