Makandulo pa Chithunzi cha Boni

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi, ndine mphunzitsi chabe, ndipo sindinalembepo chinthu choti anthu akuluakulu akhale pansi n'kuwerenga. Nkhaniyi ndailemba, ndaifuta, ndailembanso. Eni ake anandilola, ndipo pomwe ndinali ndi chikayiko ndinabwerera kukawafunsa. Pakapezeka polakwika mlandu ukhale wanga, usakhale wa mayi amene ndikufuna kuti muwadziwe.

Mayiwo ndi a Ketilina Miti, ogulitsa salaula, zovala zakaunjika, mumsika wa ku Kapata. Mukadutsa cha kumabenchi a zovala za ana n'kumva mawu okweza akuti, "Bwera uone mwanawe, kuona n'kwaulere!" dziwani kuti ndi omwewo. Anabadwira kumudzi cha ku Chiparamba, ndipo ndiwo chitsirizira m'mimba mwa amayi awo. Woyamba ndi a Alfonsi, mlongo wawo, amene ali mwini mbumba. Otsatira ndi a Agnesi, mkulu wawo, amene anawalera amayi atamwalira, n'kumawabereka kumsana popita kumunda. A Ketilina anakwatiwira m'tauni, amuna awo anamwalira ana akadali aang'ono, ndipo ndi mabelo a salaula amene anaphunzitsa anawo.

Chimene chinkawapweteka kwa zaka zambiri n'chakuti abale anamwazikana. Ena ku Lusaka, ena ku Kopala, ena ku Lilongwe, wina mpaka ku Joni. Ankaonana pamaliro pokha, ndipo ana ankadutsana m'tauni osadziwa kuti ndi magazi amodzi. Choncho mwana wawo atawagulira foni yaikulu ija yotsetsereka ndi chala, a Ketilina anapeza ntchito yachiwiri. Anatsegula gulu pa Watsapu n'kulitcha "Kwathu ku Chiparamba." Paukwati, pamaliro, ngakhale m'minibasi, akangomva dzina lakwawo ankati, "Nambala yako, mwana wa ndani iwe?" Anafukula zithunzi zakale m'sutikesi n'kuzijambulanso ndi foni. Chithunzi cha bambo awo ataima ndi njinga pakhomo la tchalitchi chinautsa mkangano wokoma wa sabata yathunthu, ena akuti njingayo inali yawo, ena akuti anangobwereka kwa akatekisiti kuti ajambulitse. Anapezanso a Yosefina, mnzawo wa m'kwaya paubwana, amene tsopano ali ku Ndola, ndipo awiriwa ankatumizirana nyimbo, wina vesi wina kolasi, mawu atakalamba kale.

Amene anavuta kulowa m'gululo ndi a Agnesi.

"Ine maso anatha, zilembo sindizitha," ankatero. "Zandisiya zimenezo, Keti."

Koma a Ketilina sanagonje. Atagula foni ina, yakaleyo anapita nayo kumudzi, nakhala ndi akulu awo pamphasa tsiku lonse.

"Simufunika kuwerenga, akulu. Mukafuna kulankhula, dinani apa, musachotse chala mpaka mutamaliza. Apa ndi pa sitetasi, pomwe anthu amaika zithunzi zawo. Ndiye mukaona nkhope imodzi yaikidwa ndi aliyense, pali keke, pali makandulo, dziwani kuti ndi tsiku lake lobadwa. Mumuyamikire."

A Agnesi anaseka mpaka kutsokomola. "Wovutika pobereka ndine, keke adye ndi iwo? Anthu a m'tauni mulibe manyazi."

Komabe foniyo anaikonda, makamaka chifukwa cha Bonifasi, mwana wawo woyamba, amene ankayendetsa malole ku Kitwe. Lamlungu lililonse Boni ankatumiza mawu, ndipo ankayamba chimodzimodzi: "Asikana a ku Chiparamba, mwadzuka?" A Agnesi anali ndi chizolowezi chawo. M'mawa popita kumunda ankasiya foni pa kantemba kokhala ndi sola kuti itchajidwe, dzuwa likafika pamutu ankaitenga pobwerera, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango pomwe netiweki imagwira. Ndionjezere kuti anali ndi matenda a kuthamanga magazi, ndipo kuchipatala anachenjeza abale kuti asamadzidzimutsidwe.

M'mawa wina wa mu Okutobala, kukutentha kuyambira mbandakucha, a Ketilina anali atangodula zingwe za belo pamene foni inalira. Anali Hellen, mkazi wa Boni.

"Amayi," anatero Hellen, "Boni watisiya. Lole yagubuduka akutuluka mu Kitwe. Amayi kumudzi sindingathe kuwauza ine. Inu ndinu amake aang'ono, nyamulani ndinu."

Kwathu kuno uthenga wa maliro suponyedwa, umanyamulidwa. Wamthenga sapita kwa make wa womwalirayo mwachindunji. Amayamba kwa mwini mbumba, iye amaitana amayi angapo, onse amakakhala pansi pamodzi ndi mayiyo. Amayamba ndi kuti mwana wadwala, kenaka kuti matenda akula, kufikira mayiyo atafika yekha pa choonadi. Cholinga n'chakuti pamene akugwa, manja omugwira akhale alipo kale. A Ketilina anakulira m'mwambo umenewu, ndipo anadziwa kuti kwa a Agnesi, ndi mtima wawo uja, si nkhani ya ulemu wokha.

Kulira anakuika pambali. M'gulu sakanalemba chenjezo, chifukwa a Agnesi anali momwemo. Anayamba kuimbira abale mmodzimmodzi kuti asaike kanthu. Akali pakati, foni inanjenjemera. Bizwell, mwana wa a Alfonsi wa ku Joni, anali ataponya kale m'gulu chithunzi cha Boni. A Ketilina, pokhala mwini gulu, anachifuta nthawi yomweyo n'kumuimbira.

"Iwe Bizwell, mutu wako uli bwino?"

"Azakhali, ine ndimayesa aliyense wamva."

"Aliyense ndani? Make wamva? Unamubereka ndiwe kuti ulengeze?"

"Pepani azakhali, ndachita ndi chisoni."

"Chisoni chako chili ndi liwiro. Chotsa paliponse pomwe waika!"

Koma za pa sitetasi za anthu ena munthu sangafute. Pamene ankafika pa siteji, atasiya benchi m'manja mwa mnzawo, nkhope ya Boni inali paliponse. Asuweni, adzukulu, anzake a kusukulu, onse anasankha chithunzi chimodzi, cha paukwati wake, ali mu suti akuseka mano onse panja. Pansi pake anaika makandulo oyaka ndi mawu a Chizungu. Ndipo ambiri mwa anthuwa manambala awo anali m'foni ya a Agnesi, oika ake a Ketilina omwe.

Anaimbira a Alfonsi, kafoni kawo kanali kozima. Anaganiza za mwini kantemba, kuti amupemphe abise foniyo, anene kuti sinadzaze. Anasanthula manambala onse, a ku Lusaka, a ku Ndola, a ku Joni. Ya munthu ameneyo analibe.

Minibasi inadikira kudzaza. A Ketilina anachonderera kondakitala, iye n'kuti, "Amayi, galimoto siyendera misozi," koma atawayang'ana bwino anamenya chitseko kuti dalaivala anyamuke. Atatsika pamphambano anakwera njinga yamoto. Pofika pafupi ndi mudzi, mthunzi wawo unali utatsala pang'ono kulowa kumapazi.

Pamenepo njira imagawikana. Ina imapita kunyumba kwa a Agnesi, ina imatsetsereka kudimba kwa a Alfonsi. A Ketilina anaima. Akapita okha kwa akulu awo, tsiku la malonda, maso ali otupa, nkhope yawoyo ikanakhala uthenga, popanda wina wothandiza kugwira. Anatsetsereka kudimba.

A Alfonsi anamva nkhaniyo ali ndi kheni yothirira m'manja. Anaiika pansi pang'onopang'ono, nakhala pamzere wa tomato osalabada kuti aphwanya mbewu. Kenaka anati, "Ndikasambe kaye, ndivale jekete."

"Alongo, nthawi palibe. Foni ija..."

"Uthenga wotere sindinganyamule ndi matope m'miyendo, Keti. Boni ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga."

A Ketilina anatsala panja pa nyumba ya a Alfonsi, akumva madzi akukhuthuka kubafa. Foni inanjenjemera m'manja mwawo. M'gulu munali mawu ojambulidwa, ochokera kwa a Agnesi. Anaika foni kukhutu.

"Eee, Boni mwana wanga! Ndakuona, wadzaza foni yonse, suti ngati bwana wa boma. Koma iwe ukunamiza anzako. Ine ndinakubereka nthawi ya chimanga chachiwisi, mtsinje utadzaza, atate ako anandiwolotsa pamsana. Lero dzuwa lonseli ndiye wabadwa? Kaya, za m'tauni mumasintha masiku. Ukule bwino, bambo wanga. Koma keke sindinaione pachithunzipo, mwaika makandulo okhaokha. Mwadya kale, osandisungira?"

Pamapeto pake panamveka kuseka kwawo, ndi nkhuku ikulira chapatali.

A Ketilina anayang'ana m'gulu. Anthu anali kumvetsera, ku Lusaka, ku Kitwe, ku Joni. Gulu limene linkakangana sabata yathunthu za njinga linati zii. Wina anayamba kulemba, n'kuleka. Patapita kanthawi kunabwera mawu ena, ndipo kuseka kunali kutachoka.

"Bwanji nonse mwakhala chete? Boni, foni yako ikungolira. Keti, uli kuti? Imani, ndipite kwa aphunzitsi akandiwerengere Chizunguchi."

A Alfonsi anali asanatuluke. A Ketilina anavula masilipasi n'kuyamba kuthamanga, munthu wamkulu, thupi lolemera, chitenje chikumasuka. Pa mjigo panali amayi awiri akutunga madzi. "Nditsateni," anatero osaima. Amayiwo anayang'ana nkhope yawo kamodzi, nasiya zidebe pomwepo.

Anawapeza a Agnesi panjira ya kusukulu, nyumba za aphunzitsi zikuoneka kale, foni ataigwira kutsogolo ndi manja awiri ngati mbale yodzaza.

"Keti! Msika wausiyira ndani lero?" anatero a Agnesi. "Kapena ndiwe wabwera ndi keke?"

Kenaka anayang'ana kumbuyo kwa mng'ono wawo. Anaona amayi awiri opanda zidebe. Chapatali anaona a Alfonsi akubwera mu jekete masana onsewo, chipewa chili m'manja. A Ketilina anawalanda foniyo mofatsa, naiika m'fumbi chafufumimba, nawakhazika pansi pomwepo panjira. Amayi aja anakhala wina uku wina uku.

"Akulu," anayamba, monga mwa mwambo, "tamva kuti Boni wadwala."

"Usandizungulitse, Keti." Mawu a a Agnesi anali aang'ono. "Makandulo aja si a keke."

"Si a keke, akulu."

A Agnesi anagwa, koma anagwera m'manja. Anawanyamulira kuchipatala madzulo omwewo, magazi atakwera kwambiri, ndipo anatuluka m'nthawi yoti akaone nkhope ya mwana wawo thupi litafika kuchokera ku Kitwe.

Maliro atatha, a Ketilina anafuna kutseka gululo. Ankati foni anapereka ndi iwo, manambala anaika ndi iwo, za makandulo anaphunzitsa ndi iwo. Anapita kumudzi kuti akaitenge foniyo. Anapeza akulu awo pansi pa mtengo wa mango, foni ili pakhutu, mawu a Boni akutuluka: "Asikana a ku Chiparamba, mwadzuka?"

"Uitenge upite nayo kuti?" anafunsa a Agnesi. "Mwana wanga ali m'menemu. Kwina ndikamumvera kuti?"

"Ndiye ndifute mawu anu aja m'gulu. Anthu amachita nawo manyazi."

"Asiye. Aziwamva."

A Ketilina anafunsanso chimene chinkawasowetsa tulo, ngati uthengawo anaumvera kwa iwo kapena kwa foni. "Ndinamvera kwa iwe," anatero a Agnesi. "Koma mtima unayamba kundiuza pamene nonse munakhala chete. Anthu onse aja, Keti, ndikulankhula ndekha."

Gululo lilipobe. Mawu a a Agnesi alimobe, ndipo palibe amene anawayankha mpaka lero. A Ketilina akupitiriza kuitanira malonda ku Kapata, koma chithunzi chakale sanaikenso, ndipo a Yosefina akatumiza vesi, kolasi imachedwa kubwera. Foni ikalira m'mawa amaiyang'ana kaye asanaigwire.

Ine amayi anga ali ku Tamanda, ndipo nawonso ali m'gulu la banja lathu, pa foni imene ndinawagulira. Nditamaliza kulemba izi ndatsimikiza zinthu ziwiri. Loweruka likubwerali ndipita kumeneko ndikatenge manambala a amene amakhala nawo moyandikana, ndi ya amene amawatchajira foni. Ndipo uthenga wa maliro ukandipeza pa foni, kaya ndi wa ndani, sindidzaika chithunzi kapena kandulo ndisanafunse ngati make wauzidwa, ndiponso ngati pali amene wakhala naye pansi.