Pulasitala ya Mayi Namwino

Mayi namwino achikulire a kumalo operekera magazi ali ndi kachitidwe kawokawo. Aliyense wotuluka kuseri kwa katani yawo amatuluka ndi pulasitala pamkono, kaya wapereka magazi kaya ayi. Mafunso ovuta amafunsa maso ali papepala, ngati akufunsa za mvula. "Kachilombo kakangolowa kumene, makina sakaona," amatero. "Wodziwa ndi mwini thupi."

Makaniko wina amawathokoza mpaka lero. Anabwera ndi anzake a kugalaja, mlamu wake ali pambuyo pake pamzere. Atafunsidwa ngati wagonapo ndi wina posachedwapa opanda kondomu, anayankha motsitsa mawu.

"Kamodzi kokha, mayi. Mwezi wathawu."

"Wachita bwino kunena, mwanangu. Magaziwa akanapita kwa mwana wodwala."

Anamuuza nthawi yokayezetsa, anamukhazika mphindi khumi ngati ena onse, kenaka anamumata pulasitala. Kunjako mlamu anangomuseka kuti watuwa poopa singano.

Patapita miyezi anabweranso, atayezetsa n'kupezeka ali bwino. Mayiwo anamufunsa zonse kuyambira poyamba, ngati sanamuonepo. Anamwetulira pomumata pokha.

"Ya leroyi ndi yeniyeni, mwanangu."